Kadontho ka Apongozi Anga

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba, ine amene sukulu ndinalekeza Folomu 2 pa sekondale yoyendera ya kumudzi. Chichewa si chiyankhulo cha m'nyumba mwathu. Ife timayankhula Chitumbuka, choncho pamene ndaphonya odziwa akonze. Sindikonda kuonekera, ngakhale kutchalitchi ndimakhala kumbuyo. Koma mkwiyo uwu ndausenza nthawi yaitali, ndipo anthu amene ndinawakwiyira sindidziwa kumene amakhala. Ndiye ndati ndiutule papepala.

Kwathu ndi kummwera kwa Mzimba, kufupi ndi malire a Kasungu. Ndinakwatiwa kumudzi wina cha ku Embangweni, ng'ombe za malowolo zitalowa m'khola mwa bambo anga. Sitinakhalitse pamodzi ndi mwamuna wanga. Chimanga chisanamasule ananyamuka kupita ku Joni kukafuna ntchito, nandisiya m'manja mwa makolo ake ndili ndi pakati. Atapeza ntchito ananditumizira foni yodina pagalasi kuti tiziyankhulana tikuonana nkhope.

Kwathu mkamwana satchula dzina la apongozi ake aamuna. Sawayang'ana kumaso, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka n'kugwada. Timawaitana kuti Adada, monga ndiitanira bambo anga ondibereka. Akulu awo a apongozi nawonso ndi Adada. Mwamuna wanga anati ndisunge manambala a onsewa, kuti matenda akandiyamba mwadzidzidzi ndisasowe woimbira. Ndinakhala nthawi yaitali chala chili m'mwamba. Kulemba dzina n'chimodzimodzi kulitchula, kungoti walitchula ndi chala. Ndiye ndinapeza njira yanga. Bambo anga ndinalemba Adada. Apongozi ndinalemba Adada n'kuika kadontho kamodzi kumapeto. Akulu awo ndinawaikira timadontho tiwiri. Ndinkanyadira nzeru imeneyi chamumtima, ndipo sindinasokonezepo ngakhale kamodzi.

Apongozi anga aamuna ndi munthu wofatsa, wosachuluka mawu. Tsiku lina mpini wa khasu langa unathyoka. Sindinauze munthu, koma m'mawa mwake ndinapeza khasulo pakhomo lili ndi mpini watsopano, wosemedwa mochepa kuti ukwane dzanja langa. Ndanena zimenezi kuti mudziwe munthu amene ndinamulakwira.

Kumapeto kwa Epulo foni inayamba kukana zithunzi zimene mwamuna wanga ankatumiza. Inkalemba mawu a Chingerezi oti yadzaza. Apongozi aakazi atandituma ku Boma kukagula matumba a chimanga, mwamuna wanga anati ndikaionetse kwa anyamata othira nyimbo m'mafoni. Ndinapeza wina pafupi ndi msika, ali ndi tebulo pakhonde la golosale, kompyuta yake ndi zingwe zamachaja zambirimbiri. Anali mnyamata wobwera, woyankhula Chichewa chothamanga.

"Asisi, foni yanu yadya mpaka kukhuta," anatero. "Ndikuikirani katsache, kazisesa kokha. Simudzabweranso kuno."

Anaikamo pulogalamu ina imene chithunzi chake chinalidi tsache lobiriwira. Anadina, tsachelo linazungulira, kenako panabwera mndandanda wa zinthu. Ndinaonamo zithunzi zakale, mameseji akale, ndiponso Adada atatu atandondozana, aliyense ali ndi kachizindikiro kochonga pambali.

"Tisese zonse?" anafunsa, maso ali kwa kasitomala wina.

Mtima unandiuza kuti ndifunse chifukwa chake Adada ali pamndandanda wa zinyalala. Koma kumbuyo kwanga kunali anthu akudikira, ndipo ndinaopa kuoneka wakumudzi. Ndinavomera m'Chitumbuka, ndinati, "Yewo." Liwu limenelo ndimalimvabe m'makutu mwanga, ndipo ndimadana nalo.

Mu minibasi pobwerera ndinayang'ana maina. Munatsala Adada mmodzi, wopanda kadontho. Ndinaganiza kuti tsache lasesa apongozi ndi akulu awo, lasiya bambo anga. Ndinati ndidzapemphanso manambalawo kwa alamu anga, mng'ono wake wa mwamuna wanga. Patapita masiku awiri bambo anga anandiimbira, pagalasi panalembedwa kuti Adada, ndipo mtima unakhala pansi. Sindinadziwe kuti tsache silinataye munthu. Linatenga anthu atatu n'kuwamanga mtolo umodzi pansi pa dzina limodzi, ndipo pamwamba pa mtolowo linaika nambala ya apongozi.

Mu Meyi tinayamba kukolola. Mimba inali ya miyezi isanu ndi iwiri, miyendo itatupa moti nsapato zinkakana kulowa. Munda unali kutsidya kwa dambo, kumene ngolo sifika, ndiye chimanga tinkasenza pamutu mpaka kumsewu. Apongozi aakazi sanali ankhanza, koma ankati iwo anabereka ana asanu ndi mmodzi akukolola, ndipo mwana wa mayi waulesi amachedwa kutuluka. Bambo anga atandiimbira ndinawapempha kuti abwere adzandipemphere masiku opuma. Anati, "Pirirani, Amama. Ndikabwera azidzati talandira ng'ombe koma mwana tikumukanizabe."

Amanditcha Amama chifukwa ndinatenga dzina la agogo, mayi awo. Kuyambira ndili wamng'ono ndinkawakalipira monga mayi akalipira mwana, iwo n'kumaseka. Ndi munthu yekhayo padziko pano amene ndimamuyankhula osayeza mawu.

Tsiku lina masana ndinaterereka padambo dengu lili pamutu. Sindinavulale, koma ndinakhala m'matope ndikudikira kuti mwana agwedezeke. Atagwedezeka ndinapita kunyumba, ndinakhala kuseri kwa khitchini n'kulemba meseji m'Chitumbuka. M'Chichewa imati: "Adada, mudzakhala chete ngati chitsa mpaka liti? Mukudziwa kuti mwana wanu akuvutika koma simuyankhula. Kodi ng'ombe zija n'zofunika kuposa ine?" Ndinasankha Adada n'kutumiza.

Werenganinso mawu amenewo muli ngati apongozi amene anapereka ng'ombezo. Palibe liwu ndi limodzi lomwe losonyeza kuti si awo.

Apongozi maso amawavuta, ndiye meseji ikafika amapereka foni kwa amene ali pafupi kuti awawerengere. Nthawi imeneyo anali pa sangweni, pamene amuna amadyera pafupi ndi khola, pamodzi ndi akulu awo ndi amuna ena odzathandiza kukolola. Anapereka kwa alamu anga. Alamu anayamba kuwerenga mokweza, ndipo atafika pa chitsa anafuna kuleka, koma akulu aja anati amalize.

Ine ndinali ndisakudziwa kanthu. Ndinali nditaviika miyendo m'beseni, ndikudikira yankho la bambo anga, pamene apongozi aakazi anatulukira.

"Mkamwana, chitsa ndi ndani pamudzi pano?"

"Amama?"

"Ndafunsa. Chitsa ndi ndani? Munthu amene sunamuyang'anepo kumaso, lero wamulembera kalata yomuwerengera ng'ombe zake pamaso pa amuna anzake?"

Ndinagwada madzi akutayika. Ndinati meseji inali ya bambo anga. Ndinafotokoza za tsache, za ku Boma, za kadontho.

"Kadontho?" anatero. "Mwamuna wanga wasiya chakudya pa sangweni, iwe ukundiuza za kadontho?"

Ndinafuna kuwaonetsa mameseji akale amene ndinkalemberana ndi bambo anga kuti aone mmene timayankhulirana. Munalibe. Tsache linali litasesa. Mwamuna wanga ataimba, anayamba kukalipa ndisanamupatse moni.

"Iwe, wandichititsa manyazi ndili kutali. Bwanji sunayang'ane nambala?"

"Foni imaonetsa dzina, sionetsa nambala."

"Ndiye ukanalemba maina enieni."

"Dzina la bambo anu? Inu mukanalipeza m'foni mwanga mukanati chiyani?"

Anangoti mayunitsi akutha.

Patapita masiku awiri akulu a apongozi anatumiza mawu oti popeza mkamwana watopa, apite kwawo akapume. Aliyense wa kwathu amadziwa kupuma kotereko. Sakuuza tsiku lobwerera, ndipo ena sabwereranso. Apongozi aamuna sanayankhule kanthu. Ndikunyamula katundu ndinawaona chapatali akukonza goli la ng'ombe, atandipatsa msana.

Kwathu ndinawerengera bambo anga meseji ija. Anamvetsera mutu uli pansi.

"Ndiye chitsacho ndinali ine?"

"Enya, ndinkanena inu, Adada."

Anaseka pang'ono, kenako kusekako kunazima. Anatumiza munthu kawiri kukafotokoza, koma yankho linali loti foni ilibe miyendo, siyenda yokha kupita kwa munthu amene sanaitume.

Mu Juni, kukuzizira koopsa, ndinabwerera ku Boma ndi mimba yanga yaikulu. Ndinkafuna mnyamata uja apite nane akachitire umboni, kapena alembe kalata. Ndinamupeza pakhonde pomwe paja. Panali mayi wina amene anati ndi mphunzitsi, mnyamata wa kabaza akudikira foni yake, ndi bambo wachikulire wovala chipewa chaubweya. Nthawi ino sindinasamale za anthu. Ndinafotokoza zonse.

"Koma asisi, foni ikuthamanga kapena ayi?" anafunsa mnyamatayo.

"Ikuthamanga. Ine ndiye ndathamangitsidwa."

Wa kabaza anaseka, ataona nkhope yanga analeka. Anati, "Katsache kameneko n'kabodza chomene. Ine tsiku lililonse kamandiuza kuti foni yanga ikudwala, ngati sing'anga wofuna nkhuku. Ndikasesa, mawa yadwalanso."

"Ine kanadya zithunzi za ana a sukulu zimene ndinajambula pa tsiku la masewero," anatero aphunzitsi. "Kamati kakuchotsa zinyalala, koma ukangokatsegula kamakubweretsera zotsatsa za juga. Ndi mayunitsi ako omwe."

"Aa, musakanyoze," anatero bambo wachikulire. "Yanga inkatentha ngati mbatata yootcha, pano inazizira."

"Mwamva?" anatero mnyamatayo. "Pulogalamu ilibe vuto. Inaona maina ofanana, inati ndi obwereza, inaphatikiza. Ndinakufunsani, munavomera. Inu mukanangolemba dzina lenileni la mdalayo, bwenzi zonsezi palibe."

Wa kabaza anamutembenukira. "Iwe ndiwe wa kuti? Alembe dzina la apongozi? Kuno zimenezo sachita, aise. Mkazi wanga atachita zimenezo ndingapite naye ndekha kwawo."

"Ndiye si vuto langa. Azungu opanga mafoni sadziwa za apongozi."

Mawu amenewo ndi amene anandiotcha kuposa onse, chifukwa anali oona. Anthu amene anapanga tsachelo ali ndi bambo mmodzi aliyense, ndiye anaganiza kuti dziko lonse lili choncho, kuti dzina likabwera katatu awiriwo ndi zinyalala. Ine ndimasesa bwalo m'mawa uliwonse. Ndikapeza chinthu chimene sindikuchidziwa, kaya ndi msomali kaya kachingwe, ndimachiika pakhonde kuti mwini wake achione. Wosesa pakhomo pa eni amafunsa. Tsache limeneli linalowa m'nyumba mwanga, linapeza abambo anga atatu, silinadziwe kuti ndi ndani, koma linasankha lokha woti akhale pamwamba. Ndipo silinandiuze m'chiyankhulo chimene ndimamva.

Ndinafunsa kumene ndingawapeze eni ake. Mnyamatayo anatsegula tsamba lina pafoni pake n'kundionetsa nyenyezi zisanu zitandandalikana.

"Apa ndi pamene anthu amadandaula. Ngati yakukwiyitsani, apatseni nyenyezi imodzi."

"Ndiwapatse nyenyezi?"

"Imodzi. Ndiyo yotsikitsitsa."

Ukwati wanga uli pamoto, ine ndiwapatse nyenyezi! Ngakhale powadzudzula amafuna uwaveke kanthu kowala. Ndinafunsa ngati amayankha, aphunzitsi anapukusa mutu. Mnyamatayo anakana kupita nane kumudzi, anati tebulo lake lilibe womusiyira. Anakananso kulemba kalata, anati iye sasaina nkhani za m'mabanja.

Aphunzitsi aja ndi amene anandithandiza. Ananditengera padzuwa, anatsegula dzina la Adada n'kundionetsa manambala atatu ali m'kati, ya apongozi ili pamwamba.

"Mwana wanga, umboni wako ndi uwu. Usakonze, usafufute, usapatse munthu. Isiye chonchi mpaka tsiku limene adzakumvere."

Ndinachita zomwezo. Miyezi itatu ndinayenda ndi foni yolakwika ngati munthu wosunga bala kuti akalionetse kubwalo. Tsache linkandiitana tsiku ndi tsiku kuti ndisese, ine osalikhudza.

Mwana anabadwa mu Julayi ku chipatala cha mishoni ku Embangweni, wamwamuna. Uthenga unapita kwa apongozi. Kwathu mwana woyamba amamutcha dzina ndi agogo ake akuchimuna, mchombo ukagwa. Mchombo unagwa, sabata inatha, kunalibe wobwera. Kusikelo amayi anzanga ankafunsa kuti mwana ndi ndani, ine n'kumanamizira kukonza nsalu. Pakhadi pake malo a dzina anali opanda kanthu. Mayi anga anati timutche tokha, mwana si mbuzi kuti azikhala wopanda dzina. Bambo anga anakana. Anati tikamutcha ife, ndiye kuti tanena kuti ukwati watha.

Sabata zimenezo ndi zimene sindidzakhululuka. Ndinkamuyamwitsa ndikumuitana kuti "iwe". Mwamuna wanga ankafuna zithunzi, ndipo foni inkatumiza bwinobwino, mwamsanga, popeza inali yosesedwa.

Kumayambiriro kwa Seputembala akulu a apongozi anavomera kutimva. Bambo anga anagwira tambala wawo wamkulu, anamanga miyendo, tinanyamuka mamawa ndi mayi anga. Amuna anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinagwada patali ndi amayi, mwana ali kumsana. Sindikanatha kuyankhula molunjika kwa apongozi, ndiye ndinapereka foni kwa alamu anga n'kuwauza motsitsa mawu zoti achite.

Bambo anga anaika kafoni kawo ka mabatani pamphasa, pamaso pa onse. Alamu anaonetsa amunawo kuti m'foni mwanga muli Adada mmodzi yekha. Anadina. Tonse tinayang'ana kafoni ka pamphasa. Kanali zii. Kenako foni inalira m'thumba la jekete la apongozi.

Alamu anatsegula dzinalo n'kuwerenga manambala atatu mokweza. Akulu aja atamva yawo anadzidzimuka.

"Ndi ine ndilimo? Mwatiika tonse m'thumba limodzi ngati nyemba?"

Alamu anafotokoza za timadontho. Wina anaseka. Akulu aja sanaseke.

"Chabwino. Ndiye chitsa ndi ndani?"

Bambo anga anavula chipewa. "Chitsa ndine, bambo. Ng'ombe zili m'khola mwanga. Mwana anandiuza kuti miyendo yatupa, ine ndinati apirire. Mawuwo anali anga, anangosochera."

"Ndiye mwana wotcha bambo wake chitsa, ife timutenge?"

"Ameneyu ndi mayi anga, ali ndi dzina lawo. Akandikalipira ndimamva. Koma mawu analowa m'khutu losayenera pamaso pa anthu, n'chifukwa chake tabwera ndi tambala."

Tambala analandiridwa. Ndinauzidwa kuti ndipepese, ndipo ndinapepesa chipumi chili pafupi ndi dothi. Ndinapepesa chifukwa cha chinthu chimene anachita ndi anthu amene sadzamva n'komwe kuti ku Mzimba kuli mudzi wotere. Misozi imene inagwa pamenepo anthu anaiyesa ya chisoni. Inali ya mkwiyo.

Apongozi aamuna anali asanayankhule chiyambire. Anatembenukira kwa akazi awo, popeza kwa ine sakanatha.

"Mufunseni ngati miyendo inaphwa."

Ndinayankha kudzera kwa apongozi aakazi kuti inaphwa.

"Ndinkamuona akusenza chimanga padambo paja," anatero apongozi aamuna. "Sindinanene kanthu. Zitsa tinalipo awiri."

Apongozi aakazi anayang'ana kumbali. Akulu aja anatsokomola. Kenako apongozi anatambasula manja, mwana anachotsedwa kumsana kwanga, anadutsa m'manja mwa amayi awiri mpaka anafika kwa agogo ake. Anamuyang'ana nthawi yaitali, anamugwira kachala, n'kutchula dzina. Amayi analulutira. Ine ndinalibwereza chamumtima kangapo kuti ndilizolowere.

Anthu akubalalika, apongozi anaitana alamu n'kuloza foni yanga.

"Mutimasule m'menemo. Ndipo mubwezerepo kadontho kanga."

Alamu anawalekanitsa atatuwo n'kubwezera timadontho monga ndinaikira poyamba. Atandipatsa foni ndinapita kuseri kwa khitchini, pamalo pomwe ndinalembera meseji ija, ndipo ndinachotsa tsache. Linandifunsa kawiri m'Chingerezi ngati ndatsimikiza. Pochoka lokha ndi pamene linadziwa kufunsa kawiri.

Apongozi aakazi mpaka lero ndikachedwa kumadzi amati mwina ndinali kulemba kalata. Tambala wa bambo anga anadyedwa. Mnyamata uja akadali pakhonde paja, ndipo ndikadutsa ndimamuona akuikira anthu ena tsache lomwelo. Nyenyezi ija sindinapereke. Mwana wanga anakhala sabata zisanu ndi ziwiri wopanda dzina, ndipo analandira dzina tsiku limene ndinabwerera m'nyumba mwanga, Loweruka pa 9 Seputembala 2023.